Sekuru Mabalani ndi Dzina Limene Linakwera Lisanatsike

Chatha chaka chimwalirire Sekuru Mabalani, ndipo sabata yatha a sosaiti ya maliro ya kukomboni kwathu anapita kukapalira manda awo. Ine ndinapempha kuti ndiyankhulepo mawu awiri. Anandikaniza. Amayi anati ndikangoimirira, anthu ayamba kusuzumira pansi pa mipando kuti aone ngati pali chule. Chabwino, chule uja ndinamuikadi ine, koma unali ukwati, sanali maliro, ndipo mkwatibwi analumpha bwino kwambiri. Poti pakamwa anditseka, ndalemba.

Kwa inu amene simunawaone: anali munthu wamtali, wouma ngati mtengo wa magetsi, maso onse awiri atachita ng'ala. Akakuyang'ana unkachita kutembenuka, chifukwa zinkakhala ngati akuyang'ana munthu wina amene waima kumbuyo kwako. Sanali agogo anga enieni. Analibe mkazi, analibe mwana, n'chifukwa chake komboni yonse inangowatenga kukhala sekuru ake, ndiye kuti agogo m'Chishona. Pachitupa chawo panalembedwa kuti Saizi Mbewe, koma dzina limenelo linkawakwana ngati nsapato yobwereka. Kukiliniki nesi akaitana Saizi Mbewe, iwo ankangokhala phee mpaka wina awagwedeze phewa. Tonse tinkati Mabalani, dzina la ntchito, limene m'Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi chija, limatanthauza kalaliki. Anabwera kuchokera ku Malawi ali mnyamata, nalowa mu mgodi waukulu wakale umene unatsekedwa ife tisanabadwe, ndipo anakalamba akulemba maina a anthu otsika pansi ndi okwera.

Lalanje la ku Mazowe ankalisenda ndi chikhadabo, khoko lake osaduka, n'kulipachika pa waya. Pakhomo pawo pankalendewera makoko ambirimbiri ouma ngati njoka zofa, ndipo sanandiuzepo ntchito yake. Tiyi ankamwera m'chitini cha jamu, shuga wake wochita kuimika supuni. Mbuzi ankazitukwana m'Chilapalapa, anthu m'Chichewa, Chishona ankasungira apolisi. Kutchalitchi kwa achimwene anga ku Aerodrome, kuja koimba ndi magitala ndi zimkuzamawu, anapitako kamodzi kokha n'kubwerako akudandaula kuti anthu amenewo amuyesa Mulungu wogontha. Ndipo panali chinthu chimodzi chimene akachimva ankanyamula ndodo: munthu kuweramira m'dzenje n'kuitana mnzake ndi dzina lake lenileni. Ankati dzenje limasunga maina ngati mmene chitsime chimasungira ndowa zoduka chingwe.

Ine ndinawadziwa bwino pa shafuti ya achimwene anga a Givi. Ili kunja kwa tauni, njira ya ku Shamva, dzenje la golide la anthu okumba paokha aja timati makorokoza. Musaganize za makeji otsitsira anthu ndi magetsi ayi. Munthu amakhala pa kathabwa komangirira kuchingwe, anyamata awiri n'kumapukusa chogudubuza mpaka afike pansi. Ntchito ikatha, onse atatuluka, Tonde, katswiri wa zophulitsa, ankalumikiza mawaya awiri ku batire la galimoto, pansi n'kugunda. Ntchito ya Sekuru inali imodzi basi: kutsimikiza kuti pansi palibe munthu. Akatsimikiza ankamenya chidutswa cha njanji chimene chinapachikidwa pamtengo. Njanjiyo isanalire, Tonde sankakhudza waya.

Sekuru maso atawathera, a Givi anagula laputopu yakale n'kundiika ine, popeza ndinali nditamaliza mayeso a Fomu 4 ndipo kunyumba ndinali nditatopetsa aliyense mpaka mphaka. Koma mkazi saloledwa kuona pakamwa pa dzenje, akuti golide amathawa. Ndiye anandimangira kashedi ka malata kuseri kwa mulu wa miyala yotaya, n'kuboola kazenera kongokwana pakamwa pa munthu. Wodutsa ankawerama, n'kutchula dzina lake, ine m'kati n'kulemba. Nkhope sindinkaziona. Ndinkaona milomo, ndevu, pena mano okha. Sekuru ankakhala panja pafupi ndi kazenerako, pa mpando wozulidwa m'basi yakufa, akumvetsera.

Mkangano wawo woyamba ndi a Givi unabuka tsiku lomwe laputopu inafika.

"Sekuru, tsamba limodzi likwanira," anatero a Givi. "Dzina apa, kabokosi apa. Watsika, tichonge. Wakwera, tichongenso. Zatha."

"Azichonga ndani?"

"Memo."

"Memo uyu? Ameneyu angachonge ngakhale mbuzi ikamuyang'ana mwaulemu."

Memo ndine, ndipo sananame.

Maganizo awo anali akuti kuchonga ndi ntchito ya dzanja lotopa, limene limachonga lisanaone. Dzina lizilembedwa kawiri, pa masamba awiri osaonana, ndipo mwini wake alitchule yekha ndi pakamwa pake, potsika ndi pokwera, wina asamutchulire ngakhale akhale mapasa. Nambala ankadana nayo kwambiri. A Givi akanena kuti chiwerengero cha otsika chafanana ndi cha okwera, iwo ankayankha kuti nambala ilibe mayi ake, palibe amene anametapo tsitsi chifukwa cha nambala. A Givi, amene ali ndi dipuloma ndiponso amatsogolera mapemphero a achinyamata, anapukusa mutu, koma anyamata okumba ankawaopa Sekuru kuposa bwana wawo, ndiye masamba anakhala awiri.

Ndinawakonza ine, aja a timabokosi. Lina ndinalitcha OTSIKA, lina OKWERA. Kenako ndinaika kafomula kamene tinaphunzira kusukulu, koti dzina lopezeka uku koma losapezeka uko lizifiira. M'mawa tsamba la OTSIKA linkafiira lonse ngati epuloni ya m'butchala. Anthu akayamba kukwera, kabokosi kamodzikamodzi kankayera. Sekuru sikirini sankaiona, ankangofunsa kuti, "Pafiira?" Ndikati ayi, iwo n'kudzuka kukamenya njanji.

Munthu ukamupatsa mphamvu yotere ali ndi mutu ngati wanga, usamudandaule. Tsiku lina ndinalemba galu wa Tonde ku OTSIKA, n'kumupatsa ndi chiwongo chomwe, Bhoki Banda. Amuna akuluakulu anakhala padzuwa akufunsana kuti Banda wake uti ameneyu, wa kukomboni kapena wa ku Shamva, mwini dzinalo ali chigonere pansi pa wilibala akunyambita phazi. Mnyamata wina amene ankakonda kundiimbira mluzu pa kazenera ndinamusiya wofiira dala. Anaima pamenepo akulumbira kuti watuluka, ali moyo, amene akukayika amugwire. Ine ndinamuuza kuti makina sanama, akuti udakali pansi, bwerera ukadzitenge. Anatsala pang'ono kulira. Sekuru sanandimenye. Anaseka kamodzi m'mphuno, kenako anati ndizisewera ndi amoyo mmene ndingathere, koma ndisamazolowere kulemba anthu amene kulibe, chifukwa ena amamva kuti pano akulemba.

Zonsezi ndinkazilengeza ndekha zikatha, ndipo mpaka lero ndimadzitama nazo. Ubwino wa chipongwe ndi woti anthu adziwe mwini wake. Ndanena izi kuti mumvetse kuti zimene zikubwerazi zikanakhala zanga, bwenzi nditasindikiza pa sikipa.

Linali dzuwa lija la mvula isanagwe, lotentha moti nkhuku zinkayenda zitayasama. Anthu anali atatchera kale zophulitsa pansi, akukwera mmodzimmodzi. Pampu yopopa madzi inkalira kuseri kwa mulu ngati masiku onse. Ndinalemba dzina lomaliza, OTSIKA yense anayera, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze Sekuru. Pamenepo m'shedi munalowa kamphepo kozizira, ka fungo la firiji imene yakhala yozima. Pa kazenera panabwera milomo. Inali yotuwa ndi fumbi ngati ya wina aliyense. Mawu anali a mnyamata, koma Chichewa chake sichinali chathu chosakaniza ndi Chishona chija. Chinali chosalala, cha kumudzi.

"Yotamu Kapalamula."

Zala zanga zinalemba zokha. Kabokosi kanafiira. Koma kanafiira ku OKWERA, mbali imene inali isanafiirepo chiyambire. Munthu wakwera amene sanatsike.

Ndinatuluka. Panja panalibe wina koma Sekuru, ali pa mpando wawo, lalanje losenda theka litagwera m'fumbi.

"Sekuru, pafiira. Koma pafiira mbali yolakwika."

"Ndamva."

"Ndi ndani ameneyo?"

"Iwe, nsapato wazimva?"

Sindinazimve. Pamalo paja pali timiyala tokhatokha, ngakhale nkhuku ikadutsa imamveka.

A Givi atabwera kudzafunsa chimene njanji ikuchedwera, anasuzumira pa sikirini n'kundigwira khutu.

"Iwe mwana iwe. Galu wa ndaninso ameneyu? Fufuta."

"Si ine, achimwene."

"Ndi Bhoki unatero."

"Ndi Bhoki ndinaseka. Mukundiona ndikuseka?"

"Dzina silifufutidwa," anatero Sekuru. Anawafotokozera kuti ngati wakwera munthu amene sanatsikire pakhomo pathu, ndiye kuti pansi pali khomo lina, ndipo ngati pali khomo lina, ndani akudziwa amene atsalira m'katimo? Lero kulibe kuphulitsa. A Givi anati zophulitsa zatcheredwa kale, zikagona m'chinyontho ziwonongeka, ndipo ntchito ya anthu onsewa singaime chifukwa cha nthabwala za kamtsikana kolephera kuchapa mbale. Sekuru anati njanji saimenya. A Givi anati manja ali nawo, aimenya okha.

Pamene ankakangana choncho, ine ndinakweza batire la Tonde pa wilibala, ndinaliphimba ndi thumba, n'kulikankhira kuseri kwa chimbudzi. Iyi yokha ndiyo yanga pa tsikuli, ndipo ndi imodzi mwa ntchito zanga zabwino. Analifunafuna, anandiopseza, ine ndinangoti mwina latsika pansi osalembetsa. Mapeto ake a Givi anakwera njinga yamoto ndi Tonde kumbuyo, kukabwereka lina kutauni. Okumba aja, poona kuti nkhani yatalika, anatsetserekera kumsewu kukagula maheu. Panatsala ine, Sekuru, ndi anyamata awiri a pachingwe kuseri kwa mulu.

"Lowa m'kati," anatero Sekuru. Ndinalowa. Anasendeza mpando pafupi ndi kazenera, moti nkhani yonse ndinaimva kuchokera ku milomo yokha.

"Yotamu Kapalamula ndine."

Anaikamba mosatekeseka, ngati akunena za mtengo wa tomato. Anabwera kuno awiri, iwo ndi mnzawo Saizi Mbewe, ochokera midzi yoyandikana. Mu mgodi waukulu munthu aliyense anali ndi kachitsulo ka nambala yake. Potsika unkakatenga pa bolodi, pokwera n'kukabwezera. M'mawa wina Yotamu anadzuka ndi malungo, ndipo masiku amenewo kujomba kunali kutaya ntchito ndi bedi lomwe m'komboni. Saizi linali tsiku lake lopuma. Anatenga kachitsulo ka Yotamu n'kutsika m'malo mwake, monga ankachitira anthu ambiri pobisirana matenda. Tsiku limenelo denga linagwa. Mbali imeneyo anangoitseka, osatulutsa munthu. Pa bolodi panasowa kachitsulo ka Yotamu, kalaliki analemba kuti wafa ndi Yotamu, uthenga unapita kumudzi, mayi ake a Yotamu anameta. Kunena zoona kukanakhala kumangidwa ndi kuthamangitsidwa m'dziko. Ndiye Yotamu anatenga chitupa cha Saizi pansi pa pilo, n'kukhala Saizi.

"Mabuku anafanana tsiku limenelo," anatero. "Anafanana bwinobwino, mzungu mpaka anasayina."

"Ndani wina akulidziwa dzinalo?"

"Amene ankalidziwa onse anapita. Ngakhale ine ndinali nditaiwala mmene limamvekera m'kamwa mwa munthu." Milomo inasendera pafupi ndi kazenera. "Saizi wandibwezera langa. Munthu akakubwezera chako, sumutumizira mwana. Umapita wekha. Lemba ku OTSIKA."

"Ndilembe chiyani?"

"Yotamu Kapalamula. Ndatchula ndekha."

Ndinalemba. Nditangodina, kufiira kuja kunazima. Dzina lili uku, lili uko, fomula yakhuta. Ndinaona ngati zoseketsa, ndipo maganizo anga sanapitirire pamenepo. Ndinamva ndodo yawo ikugogoda timiyala kuzungulira mulu. Ndinamva anyamata a pachingwe akuyesa kukana, ndi mawu awiri a Chilapalapa amene anathetsa kukanako. Kenako chogudubuza chinayamba kulira, kwii, kwii, nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira kuti dzenjelo n'lakuya.

Njinga yamoto inabwera dzuwa litapendeka. Tonde anatsitsa batire pamalo pake, pafupi ndi shedi, n'kuyamba kusenda waya ndi mano. A Givi analowa m'shedi, n'kundikankhira pambali, n'kuyang'ana masamba onse awiri. Oyera mbee.

"Ehe. Nzeru zabwerera. Wafufuta."

"Sindinafufute. Achimwene, Sekuru ali pansi."

"Ali ndi Bhoki Banda?"

"Ndikunena zoona! Atsika!"

"Mdala wosaona, wa zaka zimenezija, pa kathabwa? Apita kunyumba kukakwiya. Iwe, tsiku lina udzafa anthu akuseka."

Anatola bawuti, natuluka, namenya njanji. Anyamata a pachingwe akuti anakuwa atamva, koma pampu inameza mawu awo, ndipo chogwirira chopukusira chingwe sakanachisiya. Ndinaona Tonde akumangirira waya woyamba ku batire.

Munthu amene wanama moyo wake wonse alibe mawu otsala oti n'kuimitsa nawo chinthu. Ine ndinali ndi laputopu. Ndinaizula pa tebulo, chingwe chake chotchajira n'kuthothoka, ndinadutsa pakati pa a Givi ndi Tonde, n'kukwera mulu wa miyala uja ndi patapata. Kumbuyo ndinamva, "Memo! Golide, iwe! Bwerera!" Onani, sanati ugwa. Anati golide.

Aka kanali koyamba kuona pakamwa pa dzenje. Ndinkayesa ndi chinthu chachikulu. Kanali kabowo kongokwana chitseko, kozungulidwa ndi mitengo yakuda yonyowa, kakupuma mpweya wozizira womwe uja unalowa m'shedi. Ndinaima m'mphepete, n'kutambasula manja, laputopu ili lende pamwamba pa mdima.

"Phulitsani, achimwene! Laputopu yanuyi ikamva nawo konko!"

A Givi anatulukira pamwamba pa mulu akupuma ngati galu, dzanja lili m'mwamba kuti andiwombe. Kenako anaona anyamata awiri atakakamira chogwirira, thukuta lili kamukamu, chingwe chili chowongoka kulowa pansi, cholimba. Dzanja lija linatsika lokha. Anatembenuka n'kukuwa m'Chishona, mawu atasweka ngati a mwana, "Tonde! Mira! Mira, Tonde!" M'Chishona ndiye kuti ima, si kumira kwathu kuja. Ndipo anagubuduka pa mulu paja akukuwabe. Tonde akuti waya wachiwiri unali kale pakati pa zala zake.

Anazimitsa pampu. Tinadikira. Panalibe amene anandithamangitsa, anaiwala kuti ndine mkazi. Popanda pampu, dzenje lija linkamveka: madzi akudontha, ndi china ngati anthu awiri akukambirana m'chipinda cha nyumba yoyandikana. A Givi anati ndi madzi. Anayamba kupemphera, koma chapansipansi, osati mwa ku Aerodrome.

Chingwe chinagwedezeka. Anyamata anayamba kupukusa, ndipo mmodzi anayang'ana mnzake.

"Chapepuka."

"Pukusa, usayankhule."

Anatulukira ali chikhalire pa kathabwa, buluku litanyowa mpaka m'maondo, ndodo alibe. Anatsika okha, osagwira dzanja la munthu. Kenako anandiyang'ana. Osati kumbuyo kwanga ayi. M'maso mwanga mwenimweni, ndi ng'ala zawo zomwezo.

"Mkazi pa dzenje?" anatero, n'kuseka. Sekuru ankasekera m'mphuno. Uku kunali kuseka kwa pakamwa ponse, mano onse panja.

"Sekuru, mwapeza munthu?" anafunsa a Givi.

"Kulibe munthu. Phulitsani."

Lamulo ndi lamulo. Ndinathamangira m'shedi ndi laputopu yanga, n'kukhala pamalo panga. Ndinamva mapazi pa timiyala, ofulumira. Milomo inabwera pa kazenera.

"Dzina?" ndinatero.

"Pafiira?"

"Ayi."

"Nanga undilemberanji? Yotamu anakwera kale masana."

"Nanga inuyo?"

Milomo ija inamwetulira, n'kuchoka.

Anaphulitsa. M'mawa mwake okumba anapeza kuti khoma lina laboka, ndipo kuseri kwake kuli ngalande ya mgodi wakale, yotakata, ya njanji zadzimbiri. A Givi anagwira pomwepo. Anati ndi korokoza wa gulu lina amene anasochera, n'kukwera ndi chingwe chathu, n'kutchula dzina lopeka poopa kumenyedwa. Anyamata a pachingwe analumbira kuti sanakoke mlendo aliyense. A Givi anati ndiye ndi Memo. Ndinawafunsa kumene ndikanalitenga dzinalo. Anati mfiti siifunsidwa kumene yagula mafuta.

Sekuru sanabwererenso pa mpando wa basi uja. Palibe anawachotsa, anangoti ntchito imeneyo si yawo. Amayi ankandituma kukawapatsa chakudya, ndiye miyezi yawo yomaliza ndinaiona ndi maso anga. Malalanje anasiya. Ndinawatengera lina lalikulu, analinunkhiza n'kundibwezera, akuti zimenezi zimawayabwa pakhosi chibadwire. Tiyi ankamwa wopanda shuga. Anayamba kuimba mluzu, munthu amene ankati mluzu umaitana njoka. Ankayenda msanga, opanda ndodo, n'kumagunda makoma a nyumba zimene zinamangidwa kalekale, ngati sakudziwa kuti zilipo. Anandifunsa njira ya ku holo ya mowa imene inagwetsedwa amayi asanabadwe. Ankakamba za mlongo wawo ndi za mtengo wa mkuyu wa kwawo, pamene kale ukawafunsa za ku Malawi ankati kumeneko anafako. Amayi anati ndi ukalamba, mutu wabwerera kumbuyo, zimachitika. Mwina. Koma ndinawaperekeza kukiliniki, ndipo nesi asanamalize n'komwe kuitana Saizi Mbewe, iwo anali ataimirira kale, dzanja m'mwamba ngati mwana wa sukulu.

Ndinawayesa kamodzi, poti ine ndine ine. Ndinabisala kuseri kwa nyumba yawo masana, n'kuitana ndi mawu okulitsa, "Yotamu!" Sanadzidzimuke. Anapitiriza kusoka nsapato yawo, n'kunena osatembenuka, "Ameneyo mukamufune kuntchito. Ndi tsiku lake."

Anamwalira nyengo yozizira, akuwotha dzuwa pakhomo. A sosaiti anakhala pansi kukambirana zolemba pa chikwangwani cha pamanda. Ndinawafotokozera zonse zimene ndakuuzanizi, kuyambira milomo mpaka mluzu. Tcheyamani anati, "Memo, pamaliro pano." Analemba Saizi Mbewe, monga mwa chitupa. Ndinali nditagula kale penti ya zikhadabo yoti ndikakonze ndekha anthu akabalalika. Ndinafika pamanda paja, ndinatsegula kabotolo, n'kukhala ndikuyang'ana chikwangwanicho mpaka penti inauma pa kaburashi. Sindinadziwe ngati panali cholakwika choti ndikonze.

Shafuti ija inatsekedwa mvula itangoyamba. Madzi ankabwera kuchokera ku ngalande yakale ija mwamphamvu kuposa pampu. Okumba amati ndi chifukwa choti mkazi anasuzumiramo, ndipo ena sandipatsa moni mpaka pano. Akhale. A Givi anapeza dzenje lina cha ku Shamva, kumene amagwiritsa tsamba limodzi ndi kuchonga, ndipo wolemba wake ndi mnyamata wofatsa wa kutchalitchi.

Tikuchokera kumanda sabata yatha, ndinapatuka ndekha kukaona malo aja. Malata a shedi anthu anazula, patsala simenti yokha ndi mabowo a mizati. Njanji anaba ogula zitsulo, mtengo wake uli ndi chipsera cha waya. Mpando wa basi udakalipo, nsalu yake inadyedwa ndi mbuzi, masipuling'i ali poyera, ukuyang'anabe kumene kunali kazenera. Udzu wamera pa mulu wonse wa miyala, koma kuzungulira dzenje sunamere. Pakamwa pake anavundikirapo boneti ya lole, n'kusanjikapo miyala kuti ana asagweremo. Bonetiyo anaiika ili yophwatalala, ndinaiona ndekha ikupita pa ngolo. Tsopano yatupa pakati, yotupira kumwamba, ndipo miyala yatsetserekera m'mbali.

Nditawauza a Givi, anati chitsulo chimatero ndi kutentha kwa dzuwa, ndi sayansi ya Fomu 2 imeneyo. M'mawa mwake anabwereka thirakitala n'kukaikapo mwala wina, waukulu kuposa yonse.